Phazi Langa ndi Duwa la Aphunzitsi

Lolemba, 14 Okutobala

Andigoneka lero m'wodi ya abambo, bedi lachinayi kuchokera pakhomo. Kope ili ndi la mwana wanga Faith, linatsala masamba kumapeto. Ndikulembamo chifukwa adokotala akamalankhula ndimagwira mawu awiri, ena onse amandidutsa, kenako ndimayamba kuganiza zanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma ndikamapita pang'onopang'ono kulemba ndimatha.

Ndine Yakobo, ndimasoka maukonde kugombe kumene mabwato a ku Mbenji amakocheza. Milungu itatu yapitayo ndinaponda munga wa nsomba ya nkolokolo umene unatsalira mu ukonde. Ndinachita zimene timachita tonse kunyanja, kuthira palafini ndi mchere pabalapo n'kumanga kansalu. Litachedwa kupola ndinalitokosa ndi singano yosokera ukonde kuti ndione ngati munatsala munga. Munalibe kanthu. Tsopano zala ziwiri za phazi lamanzere zada bii, ndipo phazi likununkha.

Andiyeza magazi. Akuti ndili ndi shuga, nambala yake 410. Sindimadziwa.

Adokotala ndi a Tumbikani, ochepa thupi, ovala magalasi. Atenga bolopeni n'kujambula mzere kuzungulira kakolo, pamwamba pang'ono pa pamene pathera kutupa. Ati, "Bambo, tikupatsani mankhwala milungu iwiri, mpaka pa 28. Kutupaku kukakhala m'munsi mwa mzerewu, tichotsa zala zokha. Kukadutsa, tidula mwendo m'munsi mwa bondo."

Ndafunsa kuti nanga ine ndizichita chiyani.

Ati, "Muzidikira."

Lachiwiri, 15 Okutobala

Lero ndi tsiku la anakubala, adokotala sanabwere. Anesi okha.

Jakisoni wa shuga pamimba, m'mawa ndi madzulo. Mankhwala a m'diripi katatu: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 10 koloko usiku. Kutsuka bala kamodzi. Amene amanditsuka ndi anesi a Agape. Saseka, koma dzanja lawo ndi lopepuka.

Kumanja kwanga kuli a Lawson, dalaivala wa minibasi ya ku Khombedza. Anathyoka ntchafu minibasi itagwa pamlatho, mwendo anaupachika ndi chingwe, kunsonga kukulendewera chitsulo. Agona pano milungu isanu ndipo amadziwa za aliyense. Kumanzere kuli mkulu wina wa ku Chitala, mlimi wa chimanga. Nayenso ndi shuga, nayenso ndi phazi. Salankhula. Ndayang'ana kakolo wake pamene amamutsuka. Ali ndi mzere ngati wanga, koma kutupa kunaudutsa kalekale.

Mkazi wanga Deliwe akugona kumalo a magadiyani. Wabweretsa phala la mgaiwa lopanda shuga. Ndamwa ngati mankhwala.

Lachitatu, 16 Okutobala

Shuga 330. Kutupa kwatsala chala chimodzi kuti kufike pamzere.

Kunyumba ndasiya chinthu chimene sichikuchoka m'mutu mwanga. Zaka zisanu zapitazo aphunzitsi a Mapopa, a ku Rumphi aja, atawasamutsa pasukulu yathu anandisiyira tsamba limodzi lalitali, lophwatalala ngati lamba. Anati ndilizike m'dothi, lidzabereka duwa loyera lalikulu ngati mbale, lomasula usiku umodzi wokha, pofika m'mawa lafota. Kwathu konse palibe wina ali nalo. Anati, "A Yakobo, chomerachi sichifuna zambiri. Madzi pang'ono, mthunzi, ndiye muchisiye."

Kuchisiyako ndiye kunandivuta. Chaka choyamba ndinachizula kawiri kuti ndione ngati chagwira mizu. Chaka chachitatu ndinkasuntha ndowa yake, lero pakhonde, mawa pansi pa mango. Chinayamba kukula bwino chaka chatha, pamene ntchito inachuluka ndipo ndinachiiwala. Mwezi uno m'mphepete mwa masamba mwatuluka mphukira ziwiri za maluwa, zoyamba pa zaka zonsezi. Pochoka ndinazisiya zili ngati therere laling'ono.

Mphukira ziwiri, miyendo iwiri. Zinandibwerera m'mutu ndekha, ndipo zikukana kutuluka.

Lachinayi, 17 Okutobala

Dzulo ndinamasula bandeji kuti ndione mzere. Ndinabwezeretsa bwinobwino, koma a Agape azindikira.

"Bambo Yakobo, mfundo iyi ndi ya ukonde. Ife sitimanga chonchi."

A Lawson aseka mpaka chitsulo chawo chagwedezeka. Anesi amata pulasitala n'kulembapo dzina lawo. Ati akapeza dzinalo litang'ambika auza adokotala.

Masana kwabwera mlamu wanga Sidiki, mwamuna wa mlongo wanga Ella. Iye ndi siginala, ndiye amapalasa bwato la nyali lokopa usipa. Mwezi ukuwala masiku ano, usipa subwera ku nyali, choncho akupuma. Wabweretsa mango oyamba. Anesi akaniza, adya ndi a Lawson.

Ndafunsa za duwa.

"Alamu, munthu ali ndi mwendo wowola akufunsa za maluwa?"

"Tangondiuzani."

"Zakula. Zafika ngati chala chapakatichi, ndipo zayamba kupindika ngati mbedza. Achemwali anu akuthirira kapu imodzi pakadutsa masiku atatu, monga munanenera. Anthu akubwera kudzaona. Ena akuti chomera chodikira mdima si chabwino kukhala nacho pakhomo."

"Akutero ndani?"

"Anthu, alamu. Anthu salephera kunena."

Atapita ndawauza a Lawson za mphukira ziwiri ndi miyendo iwiri. Ati, "Madala, zikanatuluka zitatu mukanati mwendo wachitatu uli kuti?" Ndaseka nawo, koma mtima sunaseke.

Lachisanu, 18 Okutobala

Shuga 290. Thupi latentha, 38.6. Kutupa kwafika pamzere kutsogolo kwa kakolo. Adokotala adina ndi chala, alemba m'buku.

Mkulu wa ku Chitala anamutenga m'mawa kupita ku fiyeta. Wabwera 3 koloko. Bulangete lake likuthera pabondo, kumunsiko lagona pamatiresi. Mkazi wake wakhala pansi, wagwira nsapato imodzi, sakudziwa koiika.

Ndawerenga masiku. Atsala khumi. Mtima wanga ukuti duwa likamasula pa 28 pasanafike, mwendo ukhala. Likachedwa, wapita. Sindinganene kuti zimenezi ndazitenga kuti, koma ndikuzimva ngati mmene munthu amamvera mwera usanafike.

Ndiye ndaganiza chonchi. Chilichonse cha usiku chimabwera ku nyali. Usipa umachoka pansi pa nyanja kutsata nyali. Ngumbi zimatuluka pachulu kutsata nyali. Nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja tija, nazonso chimodzimodzi. Nanga duwa la usiku lingakane bwanji? Ndamuimbira Sidiki kuti atenge nyali yake yopopa ija, poti ikungokhala, aipachike pafupi ndi mphukira usiku wonse kuti zifulumire.

Wati, "Alamu, duwa si usipa."

Ndati, "Inu ndi siginala kapena ayi?"

Wati, "Chabwino. Duwa ndi lanu."

Deliwe sindinamuuze.

Loweruka, 19 Okutobala

Kutentha 39. Asintha mankhwala a m'diripi, botolo lake ndi laling'ono. Dzanja latupa pamene pali singano, abaya lina.

Sindinadye. Mkulu wa ku Chitala akubuula, akuti chala chakuphazi chikumuyabwa. Phazilo kulibe.

Lamulungu, 20 Okutobala

Shuga 260. Kutentha 38.2.

Kunabwera amayi a mvano kudzaimba ndi kupemphera. Pabedi langa anakhalitsa kuposa pa ena. Sindinakonde zimenezo.

Sidiki waimba foni madzulo. Nyali yayaka masiku awiri. Akuti kwabwera tizilombo tambirimbiri, abuluzi akhuta, nkhuku zikudzuka pakati pa usiku kuganiza kuti kwacha. Za mphukira wangoti, "Tiona mawa." Ndafunsanso, foni yaduka. Sindikudziwa ngati ndi mayunitsi.

Lolemba, 21 Okutobala

Sidiki wabwera osaitanidwa. Wakhala pamphepete pa bedi, wavula kofia, watulutsa kapepala m'thumba. Munali mphukira imodzi. Yafewa, mbali imodzi yapsa ngati tsamba la fodya, phesi lake lachita chikasu.

"Yagwa yokha m'mawa wa lero. Inali pafupi ndi galasi la nyali. Wallahi, alamu, ndinapachika mmene munanenera."

"Inayo?"

"Ilipo. Inali kuseri kwa tsamba. Nyali ndachotsa, musandiuzenso."

Ndaifunyulula ndi chikhadabo. M'kati munali timasamba toyera topyapyala, tambiri, topindidwa bwinobwino kamodzi pamwamba pa kanzake, ngati mmene mayi amapindira zovala za mwana asanabadwe. Zonse zinali zokonzeka. Zimangofuna masiku.

Deliwe analowa ndi chakudya ndili nayo m'manja. Wayang'ana ine, wayang'ana Sidiki. Sidiki wafotokoza zonse. Deliwe waika mbale n'kutuluka.

Ndinafuna kufunsa kuti yagwayo inali ya kumanzere kapena kumanja kwa ndowa. Ndinaopa yankho.

Adokotala ati kutupa kuli pamzere penipeni, sikunakwere, sikunatsike. Chala chachitatu chayamba kusintha mtundu.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Mkulu wa ku Chitala wamwalira m'bandakucha. Anatchinga ndi nsalu yobiriwira, kenako kunabwera machira a matayala olira aja. Amayi odikirira odwala anaperekeza mtembo akuimba mpaka kuseri. Pofika 9 koloko matiresi anali atapukutidwa kale. Mpaka wamwalira sindinadziwe dzina lake.

Anamudula, ndipo wamwalirabe. Nanga ine ndikudikira chiyani?

Pa nthawi yoona odwala kunabwera bambo wina wovala jekete, akuyenda bedi ndi bedi ngati akufuna m'bale wake. Anaima pa ine, nati kuseri kwa Chitala kuli munthu amene amapoletsa mabala otere masiku atatu, popanda mpeni. Anati, "Pano akungodikira kuti liwole bwino." Anandisiyira nambala.

Madzulo ndamuuza Deliwe za bambo uja, ndati alongedze, mawa m'mawa tituluka anesi asanasinthane. Anali akupinda chitenje. Sanasiye kupinda.

"Abambo a Faith, ine sindilongedza."

"Mwaona zachitika pabedi ili."

"Ndaona. Aja anabwera mochedwa, mkazi wawo wandiuza yekha kumalo ophikira. Anayamba azungulira kwa anthu a masiku atatu omwewo."

"Ndiye ndizingogona pano ngati nsomba pathandala?"

"Eya. Muzingogona. Tsamba lija munalizula kawiri. Bala munalitokosa. Duwa mwaliwotcha ndi nyali. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala nanu, mbatata simunaisiyepo kuti ipse, mumaibaya ndi mpeni mpaka ilowe madzi. Mukafuna kupita pitani, ndodo ndi iyo. Koma ine pabasi sindikukwezani."

A Lawson anadzifunditsa bulangete kumutu ngati agona. Deliwe atatuluka anatulutsa mutu, nati, "Madala, akazi anuwa akanakhala kondakitala wanga, sindikanagwa mumlatho muja."

Nambala ija ili pansi pa pilo. Sindinaitaye, sindinaimbe.

Lachitatu, 23 Okutobala

Sitinatuluke.

Shuga 210. Kutentha 37.8. Dzina la a Agape pa pulasitala lili lonse, ndipo iwo aona. Angogwedeza mutu.

Ndamuimbira Sidiki. Ndati ndowa isasunthidwe, mphukira isagwidwe, anthu obwera kudzaona aziimira patali. Ndatinso asamandiuze za tsiku ndi tsiku, adzandiimbire ikamasula kapena ikagwa, basi.

Wati, "Alamu, ndi inu amene mukulankhula?"

Nditadula foni manja anafuna kuitolanso. Ndinawakhalira.

Lachinayi, 24 Okutobala

Atsuka bala, achotsa nyama yakufa ndi kalumo. Sindinayang'ane. Ndinawerenga malata a kudenga, alipo makumi atatu ndi anayi, limodzi ndi latsopano.

Pabedi la mkulu uja abweretsa munthu wopsa ndi moto. Usiku akuitana mayi ake.

Lachisanu, 25 Okutobala

Shuga 190. Kutentha kulibe.

Adokotala anabwera ndi anzawo awiri. Analankhula Chingerezi nthawi yaitali, akuloza chala chachitatu ndi pakati pa phazi. Ndinamva mawu oti Mande. Nditafunsa ati, "Tidzakambirana Lolemba, bambo." Mzere unayamba kufufutika, aujambulanso pomwepo. Ndinayang'anitsitsa kuti asaukweze kapena kuutsitsa.

Foni sinalire. Kawiri ndinaitenga kuti ndiimbe. Kachitatu ndinawapatsa a Lawson kuti andisungire. Ati aziwerengera lendi.

Kunja kwa zenera kuli mtengo wa nimu. Tsiku lonse suchita kanthu kooneka ndi maso. Koma pamene ndinkabwera nsonga ya nthambi ina inali m'munsi mwa chitsulo cha zenera, lero yachipitirira. Sindinaione ikukula, ngakhale ndagona moyang'anana nayo masiku khumi ndi awiri.

Loweruka, 26 Okutobala

Kwatentha kwambiri. Magetsi anazima masana onse. Fungo la m'wodi lakula, sindikudziwa ngati ndi langa.

Palibe nkhani.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ndikulemba izi ndi tochi ya a Lawson, diripi ya 10 koloko itatha.

Foni inalira cha m'ma 9. A Lawson anandiponyera. Anali Sidiki, akulankhula motsitsa ngati ali mumzikiti.

"Alamu, yayamba."

Mwezi kulibe masiku ano, ndi nthawi ya usipa, mabwato onse ali panyanja. Ndinamufunsa kuti akutani kumtunda. Anati madzulo anaona mphukira itatupa, kunsonga kwayera, ndiye anauza anzake kuti apite ndi siginala wina.

"Tili pakhonde panu, ine ndi achemwali anu. Sitinayatse kanthu."

"Mukuona chiyani?"

"Pang'ono chabe, mdima. Koma likuoneka lokha, loyera. Poyamba linali ngati dzira. Tsopano lili ngati dzanja likamatambasuka. Ukaliyang'anitsitsa silisuntha. Ukayang'ana kumbali n'kubwerera, lakula."

Kenako Ella anatenga foni. "Achimwene, fungo. Lafika mpaka kumsewu. Sindikudziwa kuti ndilifanizire ndi chiyani. Si sopo, si mango. Anthu abwera, akhala pansi pabwalo, palibe akulankhula. Ngakhale aja ankanena zija abwera."

Faith anafuna kujambula ndi foni, kuti adzandionetse. Anati pafunika kuwala kwa foniyo, kamodzi kokha. Mtima unafuna kwambiri. Ndinati ayi, alisiye.

Ndinawapempha kuti asadule. Anaika foni pansi pafupi ndi ndowa. Ndinamva nkhululu, galu patali, munthu wina akutsokomola. Ndinamvetsera zimenezo mpaka mayunitsi anatha.

Zaka zisanu, ndipo sindinalione. Ndimayembekezera kuti ndilira. Sindinalire.

Lamasula pa 28 pasanafike. Ndikuopa kukondwa.

Lolemba, 28 Okutobala

Shuga 170.

Adokotala amasula okha bandeji. Kutupa kwatsika, kwasiya mzere ndi zala ziwiri. Ndinayamba kuthokoza, koma anakweza dzanja.

"Mwendo sitidula mawa. Koma zala zokha sizikwanira, bambo. Chachitatu chafa, ndipo kuwola kwalowa pakati pa phazi. Tichotsa theka la phazi, kutsogolo konse. Chidendene tisiya."

Ndinati, "Koma duwa lamasula."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Deliwe anati, "Musawamvere, adokotala. Pitirizani."

"Tikatero tidikira masiku atatu. Nyama yotsalayo ikakhala yamoyo, mudzayenda ndi chidendene chanu, ndi nsapato yapadera. Ikada, tibwereranso ku fiyeta, ndipo ulendo umenewo ndi pabondo."

Ndinafunsa ngati ndidzathe kukhala pamchenga n'kusoka ukonde. Ukonde timaukoka ndi chala chachikulu chakuphazi posoka. Sanadziwe zimenezo. Anafunsa kuti phazi liti. Ndinati lamanzere, lomweli. Anati, "Ndiye lamanja liphunzira."

Anandipatsa pepala. Ndinalemba dzina langa lonse, pang'onopang'ono, sindinadinde chala.

Sidiki watumiza uthenga kuti duwa lafota m'mawa, likulendewera ngati khosi la nkhuku yophedwa. Akufunsa ngati alidule. Ndayankha kuti ligwe lokha.

Kuyambira 12 koloko usiku osadya, osamwa.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Andiveka chinsalu chobiriwira chotsegula kumbuyo. Ndine wachiwiri pamndandanda. A Lawson ati andisungira malo, asandigulitse bedi.

Machira akubwera, ndikumva matayala.

Lachitatu, 30 Okutobala

Dzanja lilibe mphamvu. Ndilemba pang'ono.

Anandibaya pamsana, kumunsi konse kunafa. Ndinamva zitsulo koma osati ululu. Ululu wabwera usiku. Jakisoni wa ululu kawiri. Shuga 200. Magazi botolo limodzi.

Nditabwerera m'wodi Deliwe anali chiimire pafupi ndi bedi. Ndinayang'ana kudenga, osati kumapazi. Iye anapita kumunsi, anakweza bulangete, anakhala nthawi, n'kubwezeretsa.

Anati, "Chidendene chilipo."

M'mawa uno adokotala ayang'ana bandeji kunja kokha. Pali kadontho ka magazi kumbali, ajambula bolopeni kuzungulira. Akuti satsegula mpaka Lachisanu. Zimene zikuchitika m'katimo palibe akudziwa, ngakhale iwowo.

Phazi likugunda ngati mtima. Sindikudziwa ngati ndi kupola kapena kuwola. Ndafunsa a Agape, ati zonse ziwiri zimayamba chonchi.

Masiku atatu. Lero ndi loyamba, ndipo dzuwa likadali pamutu.